Zipewa Zinayi za Bwana Pelobi

Mu Ufumu wa Mmerowauma udindo sukhala m'mutu, umakhala m'chipewa. Lamuloli ndi lakale. Akuti mfumu ina yamakedzana, itatopa ndi mitu ya nduna zake, inaona kuti kusoketsa chipewa chabwino n'kosavuta kusiyana n'kupeza mutu wabwino. Kuyambira pamenepo munthu akavala chipewa cha woweruza ndi woweruza, akachivula ndi munthu wamba ngati ine ndi inu, ndipo chipewa sichiyankha mlandu wa chipewa chinzake. Eni dziko ankalikumbuka lamuloli pokhapokha akafuna kuzemba mlandu. Munthu woyamba kulikhulupirira ndi mtima wonse anali mlendo.

Dzina lake linali Cuthbert Pellowby, mwana wa wofulula mowa wa ku Mangalande, koma lilime la ku Mmerowauma linamuwongola n'kukhala Bwana Pelobi. Anafika ndi mphika waukulu wamkuwa, ngalawa yopaka utoto woyera, ndi chikhulupiriro chakuti dziko lililonse limene wafikamo linkangodikira iyeyo. Anamanga fakitale ya mowa wa m'mabotolo m'mbali mwa kamtsinje ka Dontho, kumtunda kwa mzinda wa Lonjezo, n'kuvala chipewa chake choyamba, cha mlaza, cha Wofulula.

Zipewa zinazo zinabwera zokha ngati ntchentche pa masese. Chaka cha chisankho anatsegula mageti a fakitale, ndipo anthu a chigawo cha Matsire anamusankha kukhala phungu wawo. Ambiri anachita kuuzidwa m'mawa mwake kuti anavota. Chimenecho chinali chipewa chachiwiri, chakuda, chachitali ngati mtondo. Kenaka Mfumu Ndagona Wachitatu anaona kuti asilikali ake amaima njo akaona wofulula mowa kuposa akaona akuluakulu awo, ndiye pofuna kusunga mwambo wa usilikali anampatsa Pelobi chipewa cha Meja, chakhaki, cha nthenga ya nkhanga. Chachinayi, choyera mbee, chinali cha Kaputeni wa Asilikali a Pamadzi. Anampatsa chifukwa mu ufumu wonse wokhala ndi ngalawa anali iye yekha. Zakuti Mmerowauma alibe nyanja palibe anazitchula, poti tsikulo linali lachisangalalo.

Zipewazo zinkayenda m'bokosi lamalata, ndipo wonyamula bokosilo anali Sajeni Kaphwiti, bambo wofatsa wa ndevu zoyamba imvi. Iyenso anali ndi maudindo awiri koma chipewa chimodzi, poti boma linalibe nsalu. M'mawa mlomo wa chipewa unkaloza kutsogolo, ameneyo ndi msilikali wa pamtunda. Masana ankachitembenuza, ameneyo ndi wa pamadzi. Gulu lonse la nkhondo linkatero.

Kumsika wa Tidzaona, Nasoko wogulitsa matimati anawayang'ana awiriwo akudutsa, Bwana patsogolo, bokosi pambuyo.

"Makolo anati mutu umodzi susenza denga," anatero. "Makolowo mutu uwu sanauone."

Tsiku lina Phungu Pelobi anaimirira m'Bwalo la Inde-Bwana, kumene malamulo a ufumu amaphikidwa, chipewa chakuda chitatsala pang'ono kugunda denga. Mfumu Ndagona anali pampando wawo, maso ali chitsinzire, monga mwa dzina.

"Mwini dziko," anatero Phungu, "kwandifikira madandaulo a anthu awiri olemekezeka. Woyamba ndi Kaputeni wathu, amene ali ndi ngalawa koma alibe poiyendetsa. Adani akabwera pamadzi, tidzawachingamira ndi chiyani?"

"Adzabwera pamadzi ati?" anafunsa phungu wina wachinyamata amene anali asanazolowere ntchito.

"Mwaona! Ngakhale madzi oti adani adzerepo tilibe. Dziko lanji limeneli?"

Aphungu anagwedeza mitu mwamanyazi.

"Wachiwiri ndi Wofulula wathu. Iyeyu akuda nkhawa ndi umoyo wa anthu. Mowa wa m'mbiya ulibe botolo, ulibe dzina, munthu amangoledzera osadziwa woti amuthokoze."

Mfumu anatsegula diso limodzi. "Anthu awiriwa mumawadziwa?"

"Ndimakumana nawo kawirikawiri, Mwini dziko, koma si anzanga. Ndikulankhula mopanda kukondera. Ndikupempha kuti Dontho atsekedwe ndi khoma, papangidwe nyanja, ndipo dzina lake likhale Nyanja ya Ndagona."

Diso lachiwiri linatseguka.

"Ndikupemphanso kuti kufulula mowa pakhomo kuthe. Chotengera chilichonse chopezeka ndi mowa wa m'mudzi chimangidwe, chikagone m'chitokosi."

"Inde, Bwana!" linayankha bwalo lonse. Phungu wina wokalamba, wogontha, anati inde kawiri, kuopa kuti mwina pali lamulo lachitatu limene sanalimve.

Khoma linamangidwa. Ntchito yomanga Phungu anaipereka kwa Wofulula, atamufunsa mafunso okhwima n'kukhutira ndi mayankho ake. Kumunsi kwa khomalo Dontho anauma gwa, amayi n'kuyamba kukumba mchenga kuti apeze madzi a m'kapu. Mbiya zofululira zinabisidwa m'nkhokwe, zina zinagona m'chitokosi pamodzi ndi akuba mbuzi.

Anthu a ku Mmerowauma amadziwa kupirira, ndipo zonsezi akanangozisandutsa nthabwala za kumsika pakanapanda Nagama.

Nagama anali mayi wamasiye wa kumunsi kwa mtsinje. Mwamuna wake Lufeyo anamwalira chaka chinacho, ndipo kuyambira tsiku la maliro mayiyu ankavala zakuda, tsitsi osalimeta, kuphwando osapita, mwamuna aliyense osamuyang'ana kumaso. Mwambo wa kumeneko umati namfedwa amasulidwa pa tsiku la kumeta. Abale a malemu amasonkhana, mowa umafululidwa pakhomo pomwepo, lumo limadutsa m'mutu, zakuda zimavulidwa, munthu n'kuyambanso kukhala munthu. Nagama ankamukonda Lufeyo, ndipo anamulira ndi mtima wonse. Koma misozi inali itatha, ndipo Nagama anatopa nako kukhala theka m'manda theka pabwalo.

Panalinso nkhani ina imene mudzi wonse unkaidziwa koma osaitchula. Sajeni Kaphwiti ankabwera Lamulungu lililonse kudzakonza mpanda wa Nagama. Mpandawo unalibe vuto. Ankazula nsungwi yabwinobwino n'kuikamo ina yabwinobwino, kumwa madzi, n'kutsanzika. Kulankhula zakukhosi sakanatha mayiyo ali m'zakuda. Ndiye pamwamba pa zonsezi, wolanda mbiya za anthu n'kukazitsekera m'chitokosi anali iye yemwe.

Wokhala ndi mphamvu yomasula Nagama anali a Chidzanja, mkulu wake wa malemu, munthu wosapindika pa mwambo. Mvula ikangoyamba ankapita kukalima fodya kutali, osabwerako mpaka chaka china. Ndipo mitambo inali itayamba kusonkhana kum'mawa.

Sajeni anayesa njira yachidule. Anabwera ndi kireti ya mowa wa kufakitale n'kuitula pamapazi pa a Chidzanja.

"Akuluakulu, mowa ndi mowa. Bwanji timetere uwu?"

A Chidzanja anatsegula botolo limodzi, kulinunkhiza, n'kulibwezera.

"Mng'ono wanga ali moyo ankati mowa uwu umanunkha sopo. Mukufuna adzuke adzatifunse?" Kenaka anatembenukira kwa Nagama, amene ankamvetsera ali pakhonde. "Inu Mlamu, mundimve bwino. Popanda mowa wa chimera, wophikidwa pamafuwa a pakhomo pano, lumo silikhudza mutu wanu."

"Alamu, madzi ndiwatenga kuti? Ndipo ndikafulula andimanga."

"Zimenezo kafunseni a zipewa. Ine ndikudziwa za maliro."

A Chidzanja atachoka, Nagama anatsala pakhonde. Chaka chinanso m'zakuda chinkamuopsa kuposa chitokosi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndiye anatembenukira kwa Sajeni, amene anali atayamba kale kuzula nsungwi.

"A Kaphwiti, tasiyani mpandawo. Zipewa za abwana anu zija zimagwirizana?"

"Kugwirizana? Sizipatsana ndi moni womwe. Kaputeni amati Meja ndi nkhuku yosamba fumbi. Meja amati Kaputeni ndi bakha wa pamtunda. Wofulula onse amamunyoza, ngakhale amamwa zake."

"Nanga wina akalakwa, mnzake amadziwa?"

"Amati zimenezo si za ofesi yake."

"Choyera chija amavala nthawi yanji?"

"Masana, akatha kudya."

Masana a tsiku lotsatira Nagama ndi Nasoko anakwera kumtunda kukaona Nyanja ya Ndagona. Inali thope lofika m'mawondo, lodzadza achule. Sinkadzadza, chifukwa paipi yaikulu ya kufakitale inkayamwa madzi onse amene Dontho ankabweretsa. Pakati pa thopelo panali ngalawa yoyera itapendekeka, ndipo pamwamba pake panaima Kaputeni, akuyang'ana kutali ndi chida choonera patali, kufunafuna adani m'minda ya chinangwa.

Amayi awiriwo anagwada m'mbali mwa thope n'kuwomba m'manja.

"Bwana Kaputeni, tabwera kudzapepesa," anatero Nagama.

"Kupepesa chiyani?"

"Zimene akukunenani kumsika. Ife zatiwawa."

"Akuti chiyani?"

Nasoko anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Akuti Kaputeni wa dziko lino amalamulira achule. Akuti pali munthu wina, wa chipewa cha mlaza, amamwa nyanja yanu ndi paipi, inu mukuyang'ana kumbali. Akuti mumamuopa."

Kaputeni anatsitsa chida chija n'kuyang'ana paipi. Anaikumbira yekha paipiyo, koma tsiku limenelo anali atavala chipewa china, ndiye anaiona ngati chinthu chachilendo. Nkhope inafiira ngati matimati a Nasoko.

"Munthu ameneyu ndakhala ndikumukayikira," anatero. "Sajeni! Pita ukamuuze Wofulula kuti achotse paipi yake m'nyanja ya Mfumu."

Sajeni anachita sawatcha, anazungulira mlongoti wa ngalawa kamodzi, natsegula bokosi n'kupereka chipewa cha mlaza. Bwana Pelobi anavula choyera, kuvala cha mlaza, n'kumvetsera uthengawo mwachidwi.

"Mwano!" anatero Wofulula. "Ine ndinafika pamtsinje uno iye asanabadwe. Kamuuze kuti paipi sichoka. Ndipo undiitanire Meja, katundu wanga ali pangozi."

Chakhaki chinatuluka m'bokosi. Meja anali atadikira nkhondo zaka zambiri osaipeza, chifukwa maiko oyandikana nawo sankaona choti n'kulanda ku Mmerowauma. Atamva kuti mdani ndi Kaputeni, nthenga ya nkhanga inanjenjemera ndi chimwemwe.

Amayi aja anawombanso m'manja n'kubwerera kwawo. Ali m'njira Nasoko anati, "Ine ndimayesa tichita kukoleza. Kani moto unalipo kale."

Nkhani inafika m'Bwalo la Inde-Bwana. Phungu analankhula mpaka misozi, kuchonderera mbali zonse kuti ziganizire anthu osauka, poti njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu. Bwalo linafunsidwa ngati Kaputeni ali ndi ufulu woteteza nyanja, linati inde. Linafunsidwa ngati Meja ali ndi ufulu woteteza fakitale, linati inde. Mfumu Ndagona anapempha kuti nkhondoyo ichitike masana, isasokoneze tulo.

Tsiku la nkhondo msika wonse unasamukira pachulu chachikulu choyang'anana ndi nyanja. Ogulitsa mandasi ndi nzimbe anapeza phindu limene sanalionepo. Asilikali anagawidwa pawiri. Theka linasiya milomo ya zipewa kutsogolo n'kuzungulira fakitale, theka linatembenuza n'kukwera ngalawa. Ena anali pachibale, ndipo ankakuwirana kufunsana za odwala kumudzi.

Meja anaima pageti la fakitale n'kukuwa kuti Kaputeni agonje. Kenaka anathamanga kutsetsereka, Sajeni ndi bokosi pambuyo, kudutsa m'thope, kukwera ngalawa, kusintha chipewa, n'kuyankha kuti wa pamadzi sagonjera nkhuku. Anatsikanso, thope, chitunda, chipewa, n'kukwiya ndi yankholo. Dzuwa likufika paliwombo anali atatukwanidwa mbali zonse ziwiri, thukuta lili kamukamu.

"Mapanga awiri avumbwitsa," anatero mkulu wina pachulu paja, akusenda nzimbe. "Nanga anayi?"

Pomaliza Kaputeni anatopa ndi mawu. Kutsogolo kwa ngalawa kunali kamzinga kamkuwa kamene kanali kasanalirepo chibwerere ku Mangalande.

"Sajeni, womba paipi imeneyo."

Sajeni Kaphwiti anatula bokosi, anatembenuza chipewa chake, nagwada pambuyo pa mzinga. Anayang'ana paipi. Anayang'ana thanki yaikulu yosungira mowa imene inali pamwamba pa fakitale. Kenaka anayang'ana pachulu, pamene pakati pa zitenje zamitundumitundu panaima munthu mmodzi wovala zakuda. Zimene zinachitika m'mutu mwake palibe akudziwa. Iye mpaka lero amati mlomo wa chipewa unali kumbuyo, ndiye dzuwa linamuthobwa m'maso.

Mzinga unalira. Paipi sinakhudzidwe ngakhale pang'ono. Thanki ija inang'ambika pamimba, ndipo mowa wa miyezi yambiri unatsika chitunda ngati madzi osefukira, thovu lili patsogolo, n'kukhuthukira m'Nyanja ya Ndagona. Achule anakhala chete. Ngalawa inagwedezeka, inadzuka m'thope muja, n'kuima chilili.

"Tikuyandama," anatero Kaputeni. Misozi inatsika m'masaya mwake, ndipo kunena zoona ngakhale pachulu paja ena anamumvera chisoni. Munthuyu anakulira m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndipo zaka zonsezi ankalota tsiku limeneli.

Koma khoma lija, Wofulula polimanga anathira mchenga wambiri, simenti n'kungoinunkhizitsa. Madzi a m'mawondo linkawapirira. Mowa silinathe. Linatseguka pakati, ndipo nyanja yonse inatsika ndi Dontho, ngalawa ili pamwamba. Kaputeni anagwira chiwongolero n'kuyamba kuimba nyimbo za kwawo. Anadutsa madimba ouma, anadutsa pa mpanda wa Nagama, n'kukaima pansi pa mkuyu wa kumsika wa Tidzaona, pamalo pa ogulitsa makala. Ulendo wa pamadzi wa ufumu wa Mmerowauma unali womwewo, woyamba ndi wotsiriza.

Tsiku limenelo mbuzi za kumunsi zinayenda mopepesuka, ndipo atambala analira masana. Koma mowa utapita, kumbuyo kwake kunabwera madzi oyera a Dontho. Nagama anali woyamba kufika ndi mtsuko.

Mfumu Ndagona anasankha Phungu kuti ayanjanitse Kaputeni, Meja ndi Wofulula. Zokambirana zinachitikira m'chipinda chotseka, cha mipando inayi, chipewa chilichonse pampando wake. Oima panja ankamva munthu akukuwa, mpando ukukhwekhwerezeka, munthu akuyankha, mpando wina ukukhwekhwerezeka. Wofulula ankafuna thanki yake, Kaputeni nyanja yake, Meja ankafuna zilembedwe kuti anapambana ndi iye. Kangapo konse zokambirana zinasokonekera chifukwa mbali imodzi inatuluka mokwiya, ndipo zotsalazo zinasowa mutu wolankhulira.

Mwamwayi, mtendere ndi mowa zimatenga nthawi yofanana kuti zipse. Nagama anatulutsa mbiya m'nkhokwe, anasinja chimera, moto unayaka pamafuwa. Fungo linafika mpaka kumsika. Sajeni anakanena kulikulu kuti utsi wa mzinga unam'patsa chimfine ndipo sakumva fungo lililonse. Chimfinecho chinagwira gulu lonse la nkhondo, la pamtunda ndi la pamadzi lomwe.

Tsiku la kumeta linakwana mitambo itada kale. Tsiku lomwelo zokambirana zinatha, Bwana Pelobi anatsegula zenera, ndipo mphuno ya mwana wa wofulula sinamizidwa. Wofulula anadandaula kwa Phungu, Phungu analamula Meja, ndipo Meja ananyamuka ndi asilikali ake kutsata fungolo mpaka pakhomo pa Nagama.

Pageti anapeza a Chidzanja ataima, manja kumbuyo.

"Takulandirani, Bwana."

"Muno muli mowa wa m'mudzi. Ndabwera kudzamanga zotengera."

"Mowawo mwauona?"

"Ndaumva fungo."

"Fungo simungalimange, Bwana. Lowani mukaone ndi maso. Koma pano ndi pamaliro." A Chidzanja analoza mpanda uja wokonzedwa Lamulungu lililonse. Pansungwi iliyonse panali chipewa, cha mphunzitsi, cha wokhometsa msonkho, cha mlaliki, zisoti za alimi. "Pamaliro mwamuna salowa ndi chipewa. Ngakhale Mwini dziko amavula."

Meja anaima kaye. Anayang'ana bokosi, koma munalibe chipewa chimene sichinali chipewa. Ndipo tisamunamizire, munthuyu ankalemekeza akufa, poti kwawonso amatero. Anavula chakhaki, anachikoleka pansungwi, nalowa. Asilikali anachita chimodzimodzi.

Kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango, mbiya zinali ndandanda, thovu likusefukira.

"Si izi! Sajeni, manga zonsezi."

Sajeni Kaphwiti, mutu uli pamtunda, anamuyang'ana mwaulemu.

"Pepani bambo, ndinu ndani?"

Dzanja la Bwana Pelobi linakwera lokha kumutu n'kukapeza dazi. Wina aliyense wa ku Mmerowauma akanakalipa, akanati ukundidziwa bwino iwe. Koma uyu lamulo la zipewa ankalikhulupirira kuposa amene analipanga. Anayang'ana uku ndi uku, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikire m'dzikomo anasowa woti amutume.

"Ndiye pano ndine yani?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ndinu mlendo," anatero a Chidzanja. "Mlendo amakhala pansi. Mpatseni mpando."

Nagama anabwera ndi chipanda, anagwada, anayamba walawa yekha monga achitira mwini mowa, n'kupereka ndi manja awiri. Mlendoyo ananunkhiza, nalawa.

"Bambo anga akamafulula, m'nyumba munkamveka chonchi," anatero. "Ndinali nditaiwala."

"Imwani, bambo. Ulipo wambiri."

Nthawi yometa itakwana, lumo la a Chidzanja linapezeka lobuntha, longokoka tsitsi. Mlendo uja anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa lake lometera ndevu, lopinda, la ku Mangalande. Nasoko anati akuluakulu ananena kale kuti mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, koma sankadziwa kuti adzachita kubwera nako ndi asilikali.

Mlongo wake wa malemu anagwira lumolo. Tsitsi la chaka chonse linagwa pang'onopang'ono pamphasa. Amayi anamuzungulira Nagama ndi zitenje, zakuda zinavulidwa, ndipo anatulukamo atavala chitenje chachikasu chimene anachisunga pansi pa sutikesi. A Chidzanja anaimirira, mawu awo ouma aja atafewa.

"Mlamu, mwatilirira mokwanira. Mng'ono wanga munamusunga ali moyo, mwamusunganso atapita. Ife tilibe nanu mangawa. Takumasulani."

Nagama anagwira mutu wake wosalalawo. Kamphepo ka mvula kanamuwomba pakhungu pamene panali pasanawombedwe chaka chathunthu. Analira, kulira kwenikweni, kenaka anapezeka akuseka, ndipo nthungululu zinamveka mpaka kutsidya kwa Dontho. Atakweza maso anayang'ana Sajeni Kaphwiti kumaso, osabisa. Sajeni, amene anawomba mzinga osanjenjemera, anataya mowa pamalaya.

Dzuwa likupendeka mbiya zonse zinali zitauma, zitatsukidwa, zitadzazidwa madzi a mumtsinje. Mlendo uja anali atathandiza kwambiri pantchitoyo. Anatsanzika aliyense ndi dzanja, anatuluka pageti akuyenda ngati akadali pangalawa, natenga chakhaki pansungwi n'kuvala. Nthawi yomweyo nkhope inauma.

"Sajeni! Mangani chotengera chilichonse chimene muli mowa wa m'mudzi."

Sajeni anavala chake, mlomo kutsogolo, anapita kukasuzumira m'mbiya imodziimodzi, nabwerako n'kuchita sawatcha.

"Bwana, m'mbiya muli madzi okhaokha. Chotengera chatsala chimodzi, ndipo n'chodzadza."

"Chili kuti?"

Sajeni anangoyang'ana pamimba pa Meja. Meja nayenso anayang'ana pomwepo. Mimbayo inalira, ngati ikuvomera mlandu.

"Lamulo ndi lamulo," anatero Meja. Anadzigwira pakolala ndi dzanja lamanja n'kudzitsogolera kuchitokosi, asilikali akuguba pambuyo, madontho oyamba a mvula akugwa pa nthenga ya nkhanga.

Mfumu Ndagona atamva kuti Meja wamanga munthu wamkulu chotero mosaopa, anamusoketsera chipewa chachisanu, cha Nduna Yoona za Chilungamo, ndipo bokosi lamalata analikulitsa. Lamulo loletsa kufulula lilipobe, palibe analifafaniza. Kungoti kuyambira chaka chimenecho anthu a ku Mmerowauma anayamba kukumbukira kwambiri akufa awo. Agogo amene anamwalira nthawi ya dzombe akumetedwa maliro mpaka lero, ena kachisanu, ndipo pageti lililonse pamakhala mpanda wa nsungwi wokolekapo zipewa.

Bokosilo tsopano amanyamula ndi wina. Sajeni Kaphwiti atamutsekera Meja tsiku lija, anabwerera kumunsi kwa mtsinje mvula ikumuvumbwa, n'kupeza Nagama akulowetsa mbiya m'nyumba.

"A Sajeni, mpanda uli bwinobwino," anatero Nagama.

"Ndikudziwa. Lero sindinabwerere mpanda."

"Ndiye vulani chipewacho. Ine ndikufuna kulankhula ndi munthu."

Anachivula, anachikoleka pansungwi chagada, ndipo sanachitengenso. Chidakali pomwepo. Nkhuku ya Nagama inachipeza n'kuyamba kuikiramo mazira, ndipo ana a Kaphwiti ndi Nagama akula akudya mazira amenewo. Nasoko amati mu ufumu wonse wa Mmerowauma, chipewa cha boma chimene chinatulutsapo kanthu kodyedwa ndi chokhacho.